Mankhwala a khate alipo, chasowa ndi dzanja la m'bale

Zaka zingapo zapitazo, ndikuphunzitsa pa madrasa ina m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, kunabwera mtsikana wa zaka 9. Anali wamutu, moti isanathe miyezi itatu anali ataloweza masura aafupi amene anzake oyamba kale ankavutika nawo. Koma pamkeka pamene iye wakhala, anzake ankasendera kutali, ndipo kapu imene wamwera madzi inkatsukidwa kawiri. Tsiku lina itatha swala ya Asr, abambo awiri anandipeza pakhonde la mzikiti. Atapereka salamu, mmodzi anati: "Ashehe, tabwera ndi nkhawa. Mayi wa mwana uja ndi wakhate. Tichotse ana athu, kapena achoke ndi iyeyo?"

Mayiyo ndinkamudziwa. Zala zitatu za dzanja lake lamanja zinali zopindika, koma mankhwala anali atamaliza kalekale, mwanayo asanabadwe. Abambo aja ndinawafotokozera zimenezi ndipo anachoka ngati amvetsa. Patapita masabata ochepa mtsikana uja analeka kubwera. Ndivomere pamaso pa Allah ndi pamaso panu kuti ndinachedwa kumulondola. Pamene ndinkafika kwawo, banjalo linali litasamuka. Kuyambira tsiku limenelo, nkhani ya anthu amene anadwalapo khate pamodzi ndi ana awo imandikhala pamtima ngati ngongole.

Khate ndi matenda ngati ena onse

Tiyambe ndi zimene madokotala anapeza, chifukwa mantha ambiri amabadwa m'kusadziwa. Khate limayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium leprae, kamene dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, anakaona koyamba mu 1873. Kachilomboka ndi kapachibale ndi kamene kamayambitsa chifuwa chachikulu cha TB. Kamaswana pang'onopang'ono, moti munthu atha kukhala nako zaka zisanu, nthawi zina mpaka zaka 20, zizindikiro zisanaoneke. Ichi ndi chifukwa chake makolo athu ankalephera kudziwa kumene matendawa achokera, n'kumaganiza za ufiti, tsoka la kumtundu kapena kudya nsomba zinazake.

Khate siliyenda m'magazi a mtundu, ndipo mayi sapatsira mwana ali m'mimba. Silifala popatsana moni wa m'manja, pokhala pamkeka umodzi kapena podyera mbale imodzi. Limafala kudzera m'timadontho totuluka m'mphuno ndi m'kamwa mwa wodwala amene sanayambe mankhwala, ndipo pamafunika kukhala naye pafupi kwa miyezi yambiri. Ngakhale zitatero, anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse matupi awo amakagonjetsa okha kachilomboka. Wodwala akangoyamba mankhwala amaleka kupatsira ena.

Chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu, losayabwa, losapweteka, limene silimva kanthu ukalikhudza ndi thonje. Pamabweranso dzanzi m'manja ndi m'mapazi ndiponso kufooka kwa zala. Anthu amati khate limadula zala, koma chimene limawononga ndi mitsempha yomvera. Dzanja likaleka kumva ululu, mwini wake amapsa ndi mphika osazindikira, amabayidwa ndi mbedza osamva, amayenda pamchenga wotentha wa mwezi wa October mapazi n'kumatuza. Zilonda zimenezi zikalowa mafinya ndi kufika pafupa, ndi pamene zala zimafupika. Kulumala kotero ndi chipatso cha kuchedwa kupita ku chipatala.

Kuyambira mu 1981, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti khate lizichizidwa ndi mankhwala ophatikiza: rifampicin, dapsone ndi clofazimine. Wodwala wa mabanga ochepa amamwa miyezi 6, wa mabanga ambiri miyezi 12. Kuyambira mu 1995 mankhwalawa amaperekedwa ulere pa dziko lonse, ndipo kuno kwathu amapezeka kudzera m'zipatala, pansi pa nthambi ya boma yolimbana ndi TB ndi khate. Rifampicin amafiiritsa mkodzo ndipo clofazimine amadetsa khungu kwa kanthawi. Ena akaona zimenezi amachita mantha n'kusiyira mankhwala panjira, pamene akanangofunika munthu wowalimbitsa mtima kuti zimenezi zimatha.

Kumene tachokera

Amene anayendapo m'nkhalango yosungira nyama ya Liwonde mwina anaonetsedwa mlambe wamphako umene mkati mwake muli mafupa a anthu. Amati ndi a anthu amene anadwala khate, pakuti mwambo wakale sunkalola kuti munthu wotero aikidwe m'nthaka ngati anzake. Mtengo umenewu uli m'dera lathu lomwe lino, pafupi ndi midzi imene adhana imamveka kasanu pa tsiku. Msilamu woima pamenepo ayenera kukumbukira kuti kusambitsa maliro, kuwaveka sanda, kuwapempherera ndi kuwaika m'manda ndi udindo wa jamaa yonse, ndipo malamulo a chipembedzo sanapatule munthu chifukwa cha matenda amene anamutenga.

M'nthawi ya atsamunda, amishoni anatsegula malo osungirako odwala khate. Ku Mua m'boma la Dedza, kumene ansembe a Chikatolika anafika mu 1902, malo otero anayamba m'zaka za m'ma 1920. Enanso anali ku Utale m'boma la Balaka. Tiyenera kunena chilungamo: pamene midzi inkathamangitsa anthu ake, amishoniwa ndi amene anawalandira, kuwatsuka zilonda ndi kuwadyetsa. M'zaka za m'ma 1960 bungwe la ku Britain la LEPRA linayamba njira ina, yotengera mankhwala kumidzi pa galimoto ndi panjinga kuti wodwala achire ali kwawo. Ku Chilumba m'boma la Karonga, kafukufuku wamkulu wa khate anayamba mu 1979, ndipo anaonetsa dziko lonse kuti katemera wa BCG, uja amasiya chipsera paphewa la ana athu, amatetezanso ku khate, ndipo kubayanso kachiwiri kumawonjezera chitetezocho.

Mu 1994 Malawi anafika pa mlingo umene WHO inaika, wakuti odwala khate akhale osakwana mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Zinali zoyamika, koma ambiri tinamva ngati khate latheratu. Mabungwe othandiza anatembenukira ku mavuto ena, makamaka Edzi, ndipo azaumoyo achinyamata anayamba ntchito asanaonepo banga la khate ndi maso awo. Matendawa sanachoke. Pa dziko lonse anthu pafupifupi 200,000 amapezekabe nawo chaka ndi chaka, ambiri a iwo ku India, Brazil ndi Indonesia, ndipo kuno kwathu zipatala za m'maboma zikupezabe odwala atsopano, ena atafika kale polumala.

Anthu a ku Utale ndi ana awo

Ku Utale kukukhalabe anthu amene anapitako ali anyamata ndi atsikana. Matenda anachira, koma ambiri sanabwerere kwawo. Ena achibale anawakana, ena anapeza munda wawo utagawidwa, ena anaona kuti pakati pa anzawo a zipsera zofanana ndi pokhapo pamene munthu sawayang'ana manja popereka moni. Anakwatirana, anabereka ana, ndipo lero ali ndi zidzukulu.

Ana amenewa ndi athanzi ngati ana anu ndi anga, koma amasenza mtolo umene sanamange. Bambo wopanda zala sagwira khasu mokwanira, ndipo mayi wa zilonda zakuphazi safika kutali kukatunga madzi kapena kukatola nkhuni. Ntchito zimenezi zimagwera mwana adakali wamng'ono, ndiye amafika kusukulu atatopa, mwinanso osafikako. Sukulu ya pulaimale ndi yaulere kuyambira mu 1994, koma yunifomu, makope, nsapato ndi sopo zimafuna ndalama. Akasankhidwa kupita ku sekondale, mtunda umatalika ndipo zofunika zimachuluka. Mtsikana akalephera pamenepa, njira yomwe imamutsegukira msanga ndi ukwati wa ubwana. Ndipo ngakhale pa ukwati woyenera, akuchimuna akamva mbiri ya makolo ake, nthawi zina mawu amabwezedwa.

Mavuto amenewa sali ku Utale kokha. M'midzi ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota muli mabanja amene akuvutika mwakachetechete: agogo amene analeka kubwera ku Ijumaa chifukwa anthu ankasiya mpata pambali pawo pamzere wa swala, mayi amene usipa wake sugulidwa pamsika, msodzi amene anzake anamuchotsa m'gulu lokoka khoka. Mu December 2010, msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations unavomereza mfundo zothetsa tsankho kwa anthu okhudzidwa ndi khate, ndipo unatchulanso mabanja awo, podziwa kuti tsankholi silithera pa wodwala yekha.

Zimene otitsogolera anachita

Ena amene amasala anthuwa amatsamira pa hadisi imene imachenjeza za kuyandikirana ndi wodwala khate, ndiponso nkhani ya munthu wa m'gulu la nthumwi za Thaqif amene Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, analandira lonjezo lake ali patali. Mahadisi amenewa ndi oona, ndipo maulama akale anawafotokoza kuti ndi chiphunzitso cha kusamala, chakuti munthu apewe njira ya matenda pamene akudalira Allah. Chenjezolo linali la matenda amene analibe mankhwala. Lero kusamala komweko kukutanthauza kuperekeza wodwala ku chipatala msanga. Kugwiritsa ntchito hadisi posala munthu amene anachira, kapena mwana amene sanadwalepo, ndi kuika mawu a Mtumiki pamalo pamene iye sanawaike.

Tione mmene ophunzira ake anachitira. Olemba mbiri ya maswahaba amatiuza za Mu'ayqib ibn Abi Fatima, amene ankasunga mphete yodindira makalata ya Mtumiki. Swahaba ameneyu anadwala khate, komabe Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, anamudalira pa ntchito yosunga chuma cha boma, ankamwera naye chikho chimodzi, ndipo anayesetsa kumufunira mankhwala. Umar yemweyo, pa ulendo wake wa ku Syria, anadutsa pa gulu la Akhristu odwala khate ku al-Jabiya ndipo analamula kuti azipatsidwa chakudya kuchokera ku chuma cha boma. Patapita zaka, Khalifa al-Walid ibn Abd al-Malik, amene analamulira ku Damascus kuyambira 705 mpaka 715, anapatula malo a odwala khate monga mmene nzeru za nthawiyo zinalili, koma anawaikira thandizo lokhazikika kuti asamapemphe m'misewu. Phunziro lili poyera. Atsogoleriwa sanadikire kuti wodwala atambasule dzanja, ndipo thandizo lawo silinali la tsiku limodzi.

Thandizo limene limasiya munthu ataimirira

Timaona kawirikawiri, makamaka m'mwezi wa Ramadhan, magulu akupita ndi matumba a ufa, shuga ndi mafuta ophikira kwa anthu ovutika. Allah awalipire. Koma thumba la ufa limatha m'masabata ochepa, ndipo zithunzi za manja olumala zikafalitsidwa pa Facebook, mwana wa munthuyo amakumana nazo kusukulu mawa lake. Chisilamu chimayamikira sadaka yobisika, ndipo chimatichenjeza kuti kukumba ndi kunyazitsa wolandira kumafafaniza malipiro a chopereka. Choncho woyamba kufunsidwa akhale mwini vuto. Khalani naye pansi, mudye naye, mumufunse chimene chikumusowa. Mudzadabwa kuti nthawi zambiri sadzayamba ndi chakudya. Adzatchula denga lodontha, nsapato, kapena mwana amene wakhala pakhomo teremu yonse.

Nsapato ndi chinthu chaching'ono chimene chimapulumutsa mwendo. Phazi losamva limafunika nsapato yolimba kunsi, yofewa mkati, yopanda misomali. Tsiku lililonse munthuyo amayenera kuviika manja ndi mapazi m'madzi osatentha, kupala khungu louma, kupaka mafuta ndi kuyang'ana ngati pali bala latsopano. Beseni, sopo, mafuta odzola ndi nsalu yochindikala yogwirira mphika ndi mphatso zotsika mtengo koma zofunika chaka chonse. Ife amene timapanga wudhu kasanu pa tsiku tili ndi mwayi wapadera pano, chifukwa nthawi yotsuka manja ndi mapazi ndi nthawinso yabwino yowayang'anitsitsa. M'bale wa manja osamva asayese yekha kutentha kwa madzi. Wina amuyesere.

Amene akumwa mankhwala amafunika kupita ku chipatala mwezi uliwonse. Ambiri amalephera chifukwa chosowa ndalama ya kabaza kapena ya minibasi. Komiti ya mzikiti ikadzipereka kulipira ulendo umenewu kwa miyezi 6 kapena 12, yateteza zala za munthuyo ndipo yatseka njira ya matenda m'mudzi wonse. Onse okhala naye nyumba imodzi, makamaka ana, ayenera kupimidwa. Kuyambira mu 2018, WHO imalangiza kuti oyandikana ndi wodwala angapatsidwe rifampicin womwa kamodzi kokha kuti atetezeke, ndipo za izi mungafunse azaumoyo a kudera kwanu.

Kwa ana, thandizo lalikulu ndi maphunziro osadukiza. Kulipirira mwana teremu imodzi n'kumusiya kuli ngati kuwolotsa munthu n'kumutsitsa pakati pa mtsinje. Mzikiti umodzi, kapena mabanja asanu ogwirizana, angathe kutenga mwana mmodzi kuchokera Fomu 1 mpaka Fomu 4, kapena kumulipirira kuti aphunzire ukalipentala, utelala kapena kukonza injini za maboti. Mabungwe ngati Islamic Zakaat Fund amadziwika ndi ntchito yolipirira ophunzira osowa, koma mwana wa m'banja lobisala safika yekha ku ofesi. Pamafunika shehe kapena mphunzitsi womulembera kalata ndi kumuperekeza. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwana amene mwamuphunzitsa lero ndi amene adzasamale makolo ake olumala mawa, popanda kudikira galimoto ya alendo.

Zakaat ndi sadaka

Ndime 60 ya Surah At-Tawbah imatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira Zakaat, ndipo oyamba ndi osauka ndi osowa. Munthu amene manja ake sangathenso kugwira ntchito ali pakati pawo mosakayikitsa. Wamalonda amene chuma chake chafika pa nisaab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, ndipo chatha chaka, amapereka K2.50 pa K100 iliyonse. Mlimi wa mpunga kapena chimanga amene wakolola makilogalamu pafupifupi 653 kapena kuposa amapereka thumba limodzi pa matumba 10 alionse ngati mbewuyo inakula ndi mvula, ndipo limodzi pa matumba 20 ngati anathirira ndi ndalama zake. Woweta mbuzi 40 amapereka imodzi. Zakaat ya zokolola ndi imene timaiwala kwambiri m'madera athu, chonsecho thumba limodzi la mpunga wa ku Nkhotakota kapena mbuzi yaikazi imodzi ingasinthe chaka cha banja lonse.

Maulama ambiri amati Zakaat ya osauka ipite kwa Asilamu, koma sadaka ilibe mpanda. Ingaperekedwe kwa aliyense wovutika, ndipo chitsanzo cha Umar ku al-Jabiya chili patsogolo pathu. Popita ku malo ngati Utale, tipite mwaulemu, titayamba talankhula ndi amene akhala akusamalira malowo kwa zaka zonsezi ndiponso ndi atsogoleri a anthu okhalamo, kuti thandizo lathu likalowe pamene pali mpata weniweni. Chakudya chisakhale nyambo yokopera munthu ku chipembedzo, pakuti wanjala ali ndi ufulu wodya popanda kufunsidwa kumene amapemphera.

Pali thandizo linanso limene silifuna ndalama. Tisinthe kalankhulidwe kathu. Munthu amene anachira malungo sitimutcha wamalungo moyo wake wonse, nanga amene anachira khate timutchuliranji wakhate mpaka kumanda? Ali ndi dzina, timuitane ndi dzina lake. Pa Ijumaa, imani naye phewa ndi phewa. Pa sadaka ya maliro ndi pa phwando la nikah, mudye naye mbale imodzi. Ana amaphunzira msanga poona zimene shehe ndi bambo awo akuchita kusiyana ndi zimene akumva pa khutuba. Lamulungu lomaliza la mwezi wa January ndi tsiku lokumbukira khate pa dziko lonse, limene Raoul Follereau wa ku France anayambitsa mu 1954. Ndikupempha mashehe anzanga kuti Ijumaa yoyandikira tsikuli tizilankhula za matendawa pa mimbari, ndi kuitana wazaumoyo kuti afotokozere jamaa zizindikiro zake ikatha swala.

Mtsikana wa pa madrasa uja lero ayenera kuti ndi mayi wa ana. Ndimamukumbukira m'madua anga, ndipo ndimapempha Allah andikhululukire kuchedwa kwanga. Inu amene mukuwerenga, mwina mukudziwa khomo lina m'mudzi mwanu limene anthu amalilambalala. Musachedwe monga ndinachitira ine. Pitani sabata ino, perekani salamu, gwirani dzanja la mwini nyumba, ndipo funsani ngati ana ake ali pasukulu. Allah achize odwala athu, alimbitse owasamalira, ndipo alandire zopereka zathu. Ameen.